Mbewa Imene Ndinabwezera mu Firiji

Chaka changa chachiwiri mu London ndinkasamalira bambo ena achikulire, achizungu, ku Barking. Manja awo ankanjenjemera moti ngakhale batani la malaya linkawakanika. Ankakhala okha ndi njoka. Njokayo inali ya mwana wawo wamkazi amene anamwalira, ndipo bambowo ankaiyankhula m'mawa uliwonse ngati munthu.

Ine kwathu ndi ku Dedza, kumene ukaona njoka umayamba wafunafuna ndodo. Tsiku loyamba ndinangoima pakhomo, chikwama chili pachifuwa, maso ali pa bokosi lagalasi mmene munkakhala njokayo. Koma ntchito ndi ntchito, ndipo yoidyetsa inagwera ine.

Mbewa zinkabwera zouma gwa ndi kuzizira, zoyera mbee, zonenepa kuposa zonse zimene alongo anga anakumbapo kumunda. Zinkakhala m'chidebe chotseka, m'kabati ya pansi penipeni mu firiji, kutali ndi nyama ya anthu. Bambo aja anandilangiza bwinobwino. Lachisanu lililonse ndizitulutsa imodzi, ndiziika m'kapepala kapulasitiki, ifewe m'madzi ofunda, kenako ndiziigwira mchira ndi chopanira n'kuigwedeza pamaso pa njokayo. Ikakana, ndizitaya.

Pa kutayapo ndi pamene panandivuta. Itafika nyengo yachisanu njoka inayamba kunyanyala. Ine ndinakula tikugawana mbewa imodzi ndi mng'ono wanga, wina kumutu wina kumchira, ndiye kuti ndiponye yathunthu m'bini dzanja linakana. Ndinaibwezera mu firiji. Masabata awiri otsatira inakananso, ndinaibwezeranso. Kufunsa ngati zimenezi zili ndi vuto ndinachita manyazi, poopa kuti andiona ngati wakumudzi. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ulendo wachinayi njoka inameza. Patapita masiku awiri inasanza, fungo lake losaneneka, ndipo kuyambira pamenepo inangoti lobodo pakona. Tinapita nayo kwa dokotala wa ziweto pa takisi, bambo aja ataifungatira m'kathumba kansalu mkati mwa jekete kuti isazizidwe. Dokotalayo anati yadya chinthu chowola mkati, nafunsa mmene timasungira mbewa. Zobwezera mu firiji zija ine ndinabisa. Njokayo inafa patatha masabata awiri.

Ndinaulula tsiku limene tinaikwirira kuseri kwa nyumba, ine ndikukumba, iwo atakhala pampando. Ndinanena zonse, mpaka za mng'ono wanga. Ndinkayembekezera kuti andithamangitsa, ndipo mwina zikanandipepukira. Sanakalipe. Anayang'ana dzenjelo, kenako anati:

"Si njala yako imene ndikuiimba mlandu, mwanawe. Kungoti tsopano m'nyumba muno mulibenso wina amene ankamudziwa mwana wanga uja. Ndatsala ndekha."

Chisoni cha mawu amenewa ndikadali nacho. Ndinawagwirira ntchito miyezi ina isanu ndi iwiri, ndipo m'mawa ndikamalowa ndinkapeza m'nyumba muli chete, iwo atakhala, osayankhula ndi aliyense.