Kutsanzika m'Kalavani

Chaka cha korona, abwana anga a ku Al Aziziya, mumzinda wa Doha, amene ndinkawayendetsa pa galimoto, anakonza ulendo wa ku Amereka. Mwana wawo wamkazi ankangolota za maroketi, ndiye anafuna kukabwereka kalavani, chigalimoto chokhala ndi mabedi ndi khitchini m'kati, kuti akamuonetse malo oulutsira maroketiwo. Ulendowo unafera m'mazira chifukwa cha mliriwo. Koma munthu wopeza bwino salira nthawi yaitali. Anabwereka kalavani ku Doha komweko, nati tiyambire ku nyumba yoonetsera nyenyezi, kenako tikakhale kugombe masiku atatu.

Ine ndinali ndi yangayanga. Lamulo linali litangosintha, moti munthu ankatha kusintha ntchito popanda kalata ya chilolezo ya bwana. Ndinapeza malo pa hotela ina, n'kulembetsa pa intaneti mwakachetechete. Mnzanga wa ku Al Muntazah, mlonda, ndi amene ananditsegula m'maso.

"Aise, ukangosabmita, meseji imapita kwa sponsa, bwana wakoyo. Wawauza?"

"Ndikudikira nthawi yabwino."

"Wallah, iwe! Ena akakwiya amakansela aidi, chiphaso chokhalira kuno. Upezeka pa eyapoti ndi kachikwama kako."

Kunena zoona, ndinkaopa kubwezedwa kumudzi chimanjamanja. Ndinalinso ndi manyazi. Kwathu munthu sachoka pakhomo ngati nkhuku. Amapempha akulu kuti akhale pansi, n'kutsanzika bwinobwino. Vuto lathu ndi lakuti nthawi yabwino timaisaka ngati singano. Munthu akudya sumuuza. Atakwiya, ayi. Akusangalala, umusokonezeranji? Zengerezu adalinda kwaukwau, ndipo sabata inatha ndisananene kanthu.

Tsiku la ulendo abwana anakhala kutsogolo, n'kukoleka foni yawo pakati pathu kuti izitionetsa njira. Ikangolira, maso anga ankathamangira pomwepo. Uthenga wa achemwali awo, wa kusukulu, wa ogulitsa matayala, wonsewo ndinkauwerenga ndi diso limodzi, linalo lili pamsewu. Ku nyumba ya nyenyezi ndinatsala panja kulondera kalavani, thukuta lili kamukamu m'masiki. Mwana uja anatuluka akundifotokozera za mwezi, ine ndikungoti inde, inde, osamva n'chimodzi chomwe.

Kugombe kunachitika zachilendo. Abwana, amene pa zaka zinayi sindinawaonepo atagwira chiwongolero, anati ndiwaphunzitse kuyendetsa. Anagwada pamchenga kuphunzira kuphwetsa matayala. Livesi inawazunza koopsa. Anagwetsa mipando, n'kutitimiza kalavani kawiri, akazi awo akuseka mpaka kugwira nthiti. Ndinkafukula mchengawo ndikung'ung'udza chamumtima kuti anthu olemera akasowa chochita amavutitsa anzawo.

M'mawa wa tsiku lachitatu ndinadziuza kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinasamba, kuvala shati yoyera, n'kuwapempha kuti tikhale pansi kuseri kwa kalavani. Ndinayambira kutali, monga mwa mwambo wathu. Ndinawathokoza pondisunga, pondilola kupita ku maliro a mayi anga, pa nsapato zimene anandipatsa chaka chatha. Ndinali ndisanafike n'komwe pa nkhani yake pamene anakweza dzanja.

"Khalas, basi," anatero. "Meseji inabwera Lamulungu lapitalo."

Anapitiriza kuti:

"Ukuganiza kuti livesi ndikuvutika nayo chifukwa chiyani? Tsiku loyamba ndinakwiya, sindikubisa. Kenako ndinati ndidikire, ndione ngati undiuze ndi pakamwa pako. Wachedwa, koma wanena. Gwira miyezi iwiri ya notisi imene lamulo limanena, upite bwino."

Ndinangoti khwethemu pamchenga. Ndinaseka, misozi ili lengelenge, ndipo sindikudziwa kuti ndinati zikomo kangati. Masiku onse aja ndinkalondera foni ngati mphika wa mkaka pamoto, pomwe mkaka unali utatayika kalekale. Njala inandigwira nthawi yomweyo, ndinadya mikate itatu ndi tiyi wa mkaka.

Pobwerera anati ayendetsa okha, ine ndikhale pampando wawo. Ankayenda pang'onopang'ono, magalimoto akutiimbira mahutala kumbuyo. Foni inalira kawiri, koma sindinaicheukire. Tisanafike n'komwe pa tala ndinali nditagona tulo, bwana wanga akundiyendetsa.