Nsonga za Nzimbe za Bambo Kalebu

Ku komboni ya mgodi wa Shabani, nkhondo yachiwiri ija isanayambe, panalibe munthu wondiposa pa malonda. Ndinali kamnyamata ka kabudula wa zigamba, koma pakamwa panali pa munthu wamkulu. Ndinkagulitsa nzimbe. Ndinkazitenga kwa amayi achikaranga a kumtsinje wa Lundi posinthana ndi mabotolo, n'kukhala nazo pachipata anthu akamaweruka, atayera mbuu ndi fumbi la asibesito, kukhosi kuli gwa.

Mmodzi yekha sankagula, Bambo Kalebu, osula zitsulo za pamgodi. Anali akuda ngati ife, koma sanali Mnyasa kapena Mkaranga. Ankati kwawo ndi ku Trinidadi, chilumba cha kutsidya kwa nyanja yamchere. Anatsika sitima ya pamadzi pa doko la Kepi, osaikweranso.

Mnzanga Saidi ndiye anandiputa. "Iwe shasha, kawagulitse awo. Ukatha, legeni yanga ndi yako. Ukalephera, mpeniwo ndi wanga."

Mpeniwo unali wa bambo anga, anayenda nawo wapansi kuchokera ku Dedza, ndipo sankadziwa kuti masana umagwira ntchito kwa ine. Ndinavomera, matako anga osawafunsa maganizo.

Ndinawapeza akupopa mvukuto, m'nyumba yosuliramo mukununkha makala ndi chitsulo chopsa.

"Aikona, mfana," anatero m'Chinyanja chawo chopindika. "Ine nzimbe sindidya."

Ndinatsitsa mtengo, iwo anayamba mbiri. Anati eni chilumbacho oyamba anatha pafupifupi onse atafika Asipanya. Angerezi analanda Asipanyawo, ndipo minda ya nzimbe inkalimidwa ndi anthu ogwidwa kuno ku Afirika, omangidwa unyolo. Ukapolo utatha anakatenga Amwenye pa kontirakiti, chibalo chomwechi chovala jekete. Kenaka kunabwera ulimi wa koko, kenaka mafuta a pansi. Anatinso kuli nyanja ya phula lokhalokha, munthu n'kuyendapo, ndipo amalikumba kukapaka misewu ya m'maiko a eni. Apa ndinadziwa kuti mdalayu ndi wabodza mnzanga, koma wogula satsutsidwa.

"Musadye, bambo," ndinatero. "Ingogulani."

Anayang'ana mtolo wanga nthawi yaitali. Zonenepa zakumunsi anazikankhira pambali, n'kusankha nsonga, zija zosatsekemera zomwe ndinkataya kwa mbuzi. Polipira anandipatsa mkombero wachitsulo woyendetsa ndi waya. Ndinatuluka nkhope ili yachisoni monga amachitira wamalonda, ndipo nditakhota pakona ndinaseka mpaka kugwa. Mpeni unabwerera m'thumba la bambo, legeni inalowa m'langa. Ndinagulitsa zinyalala kwa munthu woti anawoloka nyanja!

Zinyalalazo anazidula mfundo ziwiriziwiri, n'kuzigoneka chammbali mu ngalande kuseri kwa nyumba yawo, pomwe pankadutsa madzi otayika a pampopi wa komboni. Ife tinkati mdala akuika maliro a nzimbe. Nyengo ya mvula itadutsa kawiri, kuseriko kunali nkhalango, masamba akulira ndi mphepo, nzimbe zake zonenepa ngati mkono wa munthu wobowola miyala.

Sanagulitse ngakhale imodzi. Aliyense wodutsa ankamudulira ulere, chikwanje kamodzi kokha, phwa! Ine ndinakhala pachipata ndi mtolo wanga mpaka unayamba kununkha mowa. Saidi ankadutsa akutafuna, n'kulavulira makoko pafupi ndi mapazi anga mwaulemu.

Ndinapita kukadandaula kuti akundiphera msika.

"Agogo anga anadula nzimbe moyo wonse osalipidwa," anatero akunola chikwanje. "Izi zinalipiridwa kale, mfana. Tenga iwenso."

Ndinatenga. Inali yokoma, zomwe zinandipweteka kwambiri.

Lero Shabani akuti Zvishavane, ndipo nzimbe zimabwera pa malole kuchokera ku Chiredzi, mwana sadziwa n'komwe kuti zili ndi nsonga. Chilumba chija ndikumva chinalandira ufulu ife tisanalandire, ndipo mafuta anaposa nzimbe. Nyanja ya phula ija, mphunzitsi wina anandiuza kuti ilikodi, choncho wabodza pa tsikulo analipo mmodzi. Ndagulitsa zinthu moyo wanga wonse, ndipo wogula akasankha chomwe ndimati n'chotaya, ndimayamba ndamufunsa kwawo.

Komabe kubetcha ndinapambana ine, mpeni sunapite, ndipo Saidi mpaka imfa yake sanaione legeni ija. Inuyo mukuti anadya mnzake ndani?