Katundu wa Bambo Akadali M'chombo

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 6, pamene ine ndi achimwene anga a Yohane tinatsala pang'ono kudana chifukwa cha nyenyezi za m'kompyuta. Tinkakhala pa Mwanza Boma, kufupi ndi boda. Malume athu a Fanuelo ankakonzera madalaivala mapepala a katundu, ndipo m'kaofesi kawo munali kompyuta yakale yachimsana, imene anagula kwa munthu wina ku Blantyre. Ikamayaka inkalira ngati chigayo chakutali. Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi ankatilola kuigwira, bola tisambe kaye m'manja, poti nyengo ya manachesi zala zathu zinkangomata.

Mwini wake woyamba anasiyamo magemu awiri, onse a zombo zouluka pakati pa nyenyezi. Mayina ake a Chingerezi ankatipinda lilime, choncho tinangowatcha yankhondo ndi yamalonda.

Yankhondo inali ya achimwene, ndipo kukongola inali yokongoladi. Munali mitundu yowala, malawi a moto, ndi mawu a mkulu wa asilikali amene ankakuuza kopita ndi woti ukamuthire machaka. Malonda analimo, koma achiphamaso, ongoti upezere mfuti yokulirapo. Ukapambana inkakuimbira nyimbo n'kukupatsa nkhondo ina yovuta kuposa yoyamba. Yamalonda inali yanga, ndipo ndisaname, inali yonyasa. Zombo zake zinali mizeremizere yoyera basi, ngati galimoto zamawaya zimene anyamata ankakankha mumsewu. Koma umo munalibe wokutuma. Unkagula chakudya ku dziko la alimi, kukagulitsa ku dziko la mafakitale, kubwerako ndi makina. Achifwamba akakutsekera njira unkasankha wekha kumenyana nawo, kuthawa, kapena kuwatayira katundu kuti upulumutse khosi. Nyenyezi zake zinali zosawerengeka, ndipo pakati pa ina ndi inzake panali mdima wautali wopanda chochitika.

Achimwene ankati yangayo ndi gemu ya mavenda. Ine ndinkawabwezera kuti yawoyo ndi ya anthu okonda kutumidwa. Amayi anatopa nafe mpaka analetsa nkhani ya nyenyezi pa nthawi ya chakudya.

Tsiku lina malume anatiuza kuti kompyuta yadzaza, mapepala a makasitomala akusowa pokhala, ndiye gemu imodzi iyenera kufufutidwa. Anati tigwirizane tokha. Kugwirizana kwake kuti? Achimwene anali atafika pa nkhondo yomaliza imene anailimbira miyezi yambiri, pomwe ine ndinali nditangogula kumene chombo chachikulu. Tinagwirizana chinthu chimodzi chokha, choti mlanduwo akaweruze ndi bambo.

Bambo ankayendetsa thiraki pa msewu wa ku Tete ndi ku Beira. Tinkawaona pokhapokha thiraki yawo ikaima pa mzere pa boda kudikira mapepala. Madalaivala ena ankatukwana mzerewo, koma ife tinkapemphera kuti utalike. Ulendo umenewo anafika Loweruka, ndipo mawa lake tinawakokera ku kaofesi asanavule n'komwe jekete ya ku tchalitchi. Fungo la dizilo silinkawachoka ngakhale asambe ndi sopo wotani, ndipo linadzaza m'kachipinda monsemo.

Anayamba ndi yankhondo. Zala zawo zinali zikuluzikulu, zinkadina mabatani awiri pakamodzi, moti anawaombera asanatembenuze n'komwe chombo. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati gemuyo ndi yabwino kwa wamagazi otentha, kungoti munthu sapuma ngakhale pomwera madzi. Achimwene anamva ngati awayamikira, n'kundiyang'ana monyada.

Kenako ndinatsegula yanga. Ndinagulitsa katundu amene ndinali naye n'kuyamba kutulutsa chombo pa siteshoni.

"Iwe Tiya, ukubwerera chimanjamanja?" anandifunsa bambo. "Galimoto sibwerera yopanda kanthu. Tasuntha."

Anakhala pampando, n'kundiuza kuti ndiziwawerengera mayina a katundu. Anasankha nsalu. Titalowa mumdima muja ndinatambasula dzanja kuti ndidine batani lothamangitsira nthawi, monga ndinkachitira masiku onse, koma iwo anandigwira pamkono.

"Usathamangitse. Umu ndi mmene mumakhalira ukadutsa Tete. Iwe wekha, mdima, ndi timagetsi ta anthu ena patali."

Tinayang'ana timadontho toyera tikuyenda pang'onopang'ono. Kufikira tsiku limenelo ndinkadziwa bambo akamanyamuka ndi bambo akamafika atanyamula mabisiketi a ku Mozambiki. Za pakatipo ndinali ndisanaganizirepo. Ndinawamvera chisoni, ngakhale iwo ankangoimba kamluzu.

Siteshoni za m'gemuyo zinkazungulira, ndipo khomo lake linali kakang'ono. Bambo anagunda khoma ngati mmene tinkagundira ife, chombo n'kuphulika. Anati vuto si dalaivala, koma palibe woima kumbuyo kumamuuza kuti bwera, bwera. Titayambiranso, achimwene, amene nthawi yonseyi ankadzionetsa ngati alibe nazo ntchito, anaimirira pambali pa kompyuta n'kuyamba kukodola ndi manja ngati mmene ankachitira powathandiza bambo kubweza thiraki. Chombo chinalowa bwinobwino osakhudza pena paliponse. Tinaomba m'manja mpaka mayi wa golosale yoyandikana nafe anasuzumira pawindo.

Siteshoniyo inali pafupi ndi nyenyezi yachikasu, ndipo bambo anati ikufanana ndi nachesi, ndiye pamenepo ndi kwathu. Anagulitsa nsalu zija, n'kudzaza chombo ndi makina a ulimi.

"Ndamanga tenti pa katunduyu," anatero akuimirira. "Katundu amamasula ndi amene anamanga. Musakhudze, ndikabwera tikagulitsira limodzi."

Achimwene anadandaula kuti mlandu sunaweruzidwe. Bambo anati woweruza wabwino sathamanga, adzagamula ulendo wotsatira, ndipo anapempha malume kuti apirire pang'ono. M'mawa mwake mapepala anatuluka, thiraki inanyamuka kukatsitsa feteleza ku Blantyre, n'kudutsanso pa Mwanza ife tili m'kalasi.

Ulendo wotsatirawo sunakhaleko. Malungo anawagwira panjira ya ku Beira, ndipo anabwera kwathu ali m'bokosi pa galimoto ya anzawo.

Maliro atatha malume sanatchulenso za magemu. Anapirira mpaka kompyuta inayamba kukana kusunga mapepala, makasitomala ali pakhomo. Lamulungu lina anatiuza movutikira, maso ali pansi, kuti nthawi yakwana. Ine misozi inalengeza m'maso, chifukwa ndinkadziwa kuti wamkulu ndi wamkulu, ndipo nkhondo yomaliza ija achimwene anali asanaipambane. Achimwene anakhala pampando paja. Ndinkayesa atsegula yankhondo kuti ayeseko komaliza, koma anangofunsa malume kuti awasonyeze pofufutira.

"Yanga ija mathero ake ndikuwadziwa kale, kuwina kapena kufa," anatero osandiyang'ana. "Iyi ili ndi katundu wa eni ake."

Anadina okha. Kompyuta inalira pang'ono, ndipo miyezi yawo yonse ija inapita.

Makina a ulimi aja sitinawagulitse. Ndinayamba chombo china chaching'ono, koma Lamulungu lililonse tinkayamba tatsegula cha bambo, kuona kuti chikadali pa nyenyezi ya nachesi, n'kutseka. Zinakhala choncho mpaka mphenzi ya dzinja lina inaotcha kompyutayo.

Lero ana anga ali ndi magemu a zombo owala kuposa yankhondo ija, ndipo nawonso amakangana kuti yabwino ndi iti. Akandifunsa ndimawauza kuti yankhondo imakoma ukamaisewera, yamalonda imakoma ukamaikumbukira, koma ndimadziwa kuti yankho limeneli ndi loperewera. Kwa zaka zambiri ndinkayesa kuti mkangano uja ndinapambana ndine. Pano ndikumvetsa kuti mlandu umene bambo anausiya unaweruzidwa ndi mnyamata amene anadzigamulira yekha kuluza, kuti mlongo wake akhale ndi poonera bambo ake. A Yohane ndi aphunzitsi ku Thambani tsopano, imvi zayamba. Ndikawaimbira foni kuti ndikubwera kudzawaona, amandiyankha chimodzimodzi nthawi zonse: ndibwere, koma ndikonzeke kunyamula thumba la manachesi, poti galimoto sibwerera yopanda kanthu.