Dzenje la Alendo

A Crispin anathyola tiyi pa esiteti mpaka msana unawakana. Atapuma, komiti ya zachilengedwe ya kwathu kuno, chakufupi ndi Masambanjati, inawapatsa ntchito imene sindinaimvepo kwina kulikonse: kusamala dzenje.

Dzenjelo lili m'mphepete mwa msewu, pamalo poti munthu akawerama ndi mbande m'manja, kumbuyo kwake kumaoneka tiyi wobiriwira mpaka kumapiri. Ojambula zithunzi amapakonda. Ndiye mvula ikangoyamba, alendo amabwera motsatizana kudzadzala mtengo. Amafika a sola, kutiuza kuti makala ndi tchimo. Sabata yotsatira amafika a gasi, kunena kuti sola sapsetsa nyemba. Kenako a mbaula zadothi, kunyoza onse awiri. Chaka cha chisankho, ofuna uphungu nawonso amakumbukira kuti dziko likutentha. Pa wailesi anthu amenewa amangotsala pang'ono kumenyana, koma pa chinthu chimodzi amagwirizana: onse amafuna dzenje lomwelo.

Tsono ntchito ya a Crispin inali kuzula mtengo wa alendo a dzana kuti alendo a lero apeze podzala. A Justice, wapampando wa komiti, anawauza kuti mbande zozulidwazo azingoziponya kuphompho. Apa ndi pamene panavutira. A Crispin ndi munthu woti nkhuku ya Khirisimasi amakaphetsa kwa anansi. Mbande yoyamba anaiyang'ana, naikulunga m'jumbo pamodzi ndi dothi lake, n'kupita nayo kunyumba.

Kunyumbako sikunali kwawo. Iwo kwawo ndi ku Khonjeni, kuno anabwera chikamwini, ndipo kamunda kakuseri kwa nyumba ndi ka akazi awo, a Teleza, kosiyiridwa ndi mayi awo. Minda yathu kuno ndi yoti ukayetsemula uli pakati, wa m'malire amakuyankha. Malo abwino tiyi anatenga ife tisanabadwe. Komanso aliyense amadziwa kuti mkamwini sadzala mtengo, chifukwa tsiku lomuthamangitsa sangausenze. Amadzala chimanga ndi nandolo, basi. Ife tinkawakumbutsa kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Iwo ankangoseka, chitini cha madzi chili m'manja.

Mtengo uliwonse anaupatsa dzina la amene anaudzala poyamba. Mbawa ya pafupi ndi bafa inali a Sola. Mtangatanga unali a Gasi, ndipo anaudzala kumapeto kwenikweni kwa munda kuti awiriwa asamakangane. Panali kesha wina dzina lake a Phungu, amene sanatalike, ankangotambasula nthambi kulanda dzuwa la anzake. M'mawa a Crispin ankayenda kuwapatsa moni onse, ndipo kuthyola ngakhale kanthambi kunali koletsedwa.

Zaka zikupita, mthunzi unadya mizere umodziumodzi. Chimanga chinkamera chowonda, chachikasu, osabereka. Ndipo a Teleza, mayi wokhala pakati pa nkhalango, ankaphikira zitsononkho ndi mapesi, maso ali psu ndi utsi. Ine zimenezi zinkandikwiyitsa, ndisaname. Ndinkawaona akupemerera moto wosayaka, pamwamba pawo mbalame zikuimba m'nthambi za a Sola.

"Bambo a Happy," anatero tsiku lina ine ndili pomwepo, "alendo anuwa tidzadya iwowa?"

"Mayi a Happy, amenewa akutipatsa mpweya wabwino. Anatero a pulojekiti."

"Mpweya ndiwo zake n'chiyani?"

A Crispin anakanda m'mutu.

"Mvetserani," anapitiriza a Teleza. "Yatsala mizere iyi mukuionayi. Amayi anandisiyira kuti ndidyetse ana. Mukadzabwera ndi mlendo wina pano, mudzatenge chikwama chanu, msewu wa ku Khonjeni mukuudziwa."

Sanakuwe, ndipo n'chifukwa chake tonse tinadziwa kuti sakuseka.

A Crispin anapita kwa a Justice kukapempha kuti pakumbidwe dzenje lachiwiri. A Justice anati nkhaniyo ndi yaikulu, anaitanitsa msonkhano. A sola anati dzenje latsopano likhale lawo. A gasi anati ndi tsankho. A mbaula anatuluka msonkhano uli mkati. Pamapeto anagwirizana kuti, posonyeza umodzi, magulu onse adzadzale mtengo umodzi pamodzi, m'dzenje lakale.

M'dzenjemo munali kambande ka peyala kodzalidwa ndi ana a sukulu, katangotulutsa masamba ofiira. A Crispin anakazula. Anayenda nako mpaka kuphompho, anaima pamenepo nthawi yaitali, kenako anatembenuka.

A Teleza anawaona akubwera ndi jumbo, naima pa mizere yawo ndi khasu. A Crispin analowa m'nyumba, natuluka ndi chikwama chimene anabwera nacho ali mnyamata. Wa kabaza anawaitana, koma anakana, ati njinga ingagwedeze mizu. Anapita wapansi, chikwama kumsana, peyala m'manja.

M'mawa mwake a Teleza anabwereka nkhwangwa yanga. Ndinawanolera ndekha, mokondwa. Ndinawaona akupita kwa a Phungu, amene ngakhale ine ndikanayambira. Anaima. Anapita kwa a Gasi, anaimanso. Madzulo nkhwangwa inabwera yoyera ngati mmene inapitira.

"Eni ake akadzafunsa ndidzati chiyani?" anatero, osandiyang'ana.

Mpaka lero akuphikira zitsononkho. Alendo akubwerabe kumsewu, ndipo mbande zawo tsopano zikuthera kuphompho, chifukwa amene analowa ntchito ya a Crispin ndi munthu womvera malangizo.

Sabata yatha, mvula itagwa, ndinamva khasu kuseri kwa a Teleza. Ndinasuzumira pampanda. Pakati penipeni pa mizere yawo yotsala ija, pamene chimanga chinkabereka bwino, anali akukumba. Atamaliza anapukuta thukuta, naitana wa kabaza wopita ku Khonjeni.

"Mukawapeze bambo a Happy," anatero. "Mukawauze kuti dzenje lakumbidwa. Abwere nako kapeyala kaja kasanafote."