Delmy ndi Kope Lake la Ngozi

Inu amene mukuona ngati kulira kwanu sikukumveka, tamvani za Delmy Aguilera, mtsikana wa kumapiri a kumadzulo kwa Honduras.

Phiri linagumuka masana, iye ali kothyola khofi. Pobwerera anapeza matope okhaokha pamene panali nyumba khumi ndi ziwiri. Mayi ake ndi mng'ono wake anakwiririka momwemo.

Patatha sabata anapita ku ofesi ya boma kukapempha malata. Kalaliki anafufuza pa kompyuta n'kupukusa mutu.

"Chemwali, muno sizikuoneka kuti kwanuko kunagwa ngozi."

"Nanga amene ndaika m'manda aja ndi ndani?"



Delmy sukulu anailekezera ku pulayimale, koma kulemba ankatha. Anagula kope n'kuyamba kuyenda mudzi ndi mudzi. Ankalemba tsiku, malo, mayina a omwalira, nyumba zogwa, minda yokokoloka, ngakhale tingozi tomwe wailesi sinkatchula. Mitambo ikada ali pakati pa mapiri, mantha ankamugwira, komabe ankapitirira.

Tsiku lina galimoto inamutchingira njira. Munali Don Eleuterio, amene ankakumba miyala m'tsinde mwa mapiriwo. Mfuti inali pamiyendo pake.

"Mwana wanga, ndamva ukulemba kuti mapiri amagumuka pamene ine ndakumba," anatero akumwetulira. "Atsikana oyenda okha kuno amasowa, ukudziwa?"

 Galimoto itapita Delmy anasanza m'mbali mwa msewu. Anatha masiku asanu osatuluka m'nyumba, ndipo kukamveka injini ankabisala kuseri kwa chitseko. Kutentha kopelo anakuganizira. Koma mayina aja akanawasunga ndani?

Anakopera zonse m'makope ena awiri. Lina anasungitsa kutchalitchi, lina anatumiza pa basi ku Tegucigalpa, likulu la dzikolo, kwa mayi wina dzina lake Xiomara Banegas, amene Delmy anamva kuti akusonkhanitsa kaundula wa ngozi za dziko lonse.

Patatha mwezi foni inalira. Anali Mayi Xiomara.

"Ndiwe Delmy? Midzi yako makumi atatuyi ife tilibe. Bwera kuno udzagwire nafe ntchito."

"Mayi, kompyuta sindinaigwirepo."

"Phiri sunaliope, ndiye uope batani?"

Kuphunzira kunali kowawa. Tsiku lina anafufuta ntchito ya sabata yathunthu, n'kukalirira kubafa poganiza kuti amuchotsa. Mayi Xiomara anangoti, "Yambiranso." Anayambiranso. Patapita zaka zinayi, kaundula wa zigawo zonse zakumadzulo anali m'manja mwake.

Ndiye anaona chinthu chimene chinamuopsa. Phiri lina, lomwe m'munsi mwake munali sukulu, linali litagumuka pang'onopang'ono kasanu ndi kanayi m'zaka khumi. Aliyense ankakumbukira kamodzi kapena kawiri. Kaundula yekha ndiye ankakumbukira zonse.

Anagogoda m'maofesi miyezi isanu ndi umodzi mpaka ana a pasukulupo anawasamutsira kuchigwa.

Mu Okutobala mvula inagwa masiku atatu osakata. Tsiku lachinayi m'mawa mphunzitsi wamkulu wa sukulu ija anaimba foni.

"Mayi Delmy, sukulu yakale ija yapita. Palibe ngakhale khoma."

"Nanga ana?"

"Onse ali pano. Akusokosa m'kalasi."

Delmy anakhala pansi, manja kumaso.

Inu mukuwerenga, mantha sanamusiye Delmy ngakhale tsiku limodzi. Ankangoyenda nawo. Kaya akunyozani, kaya akuopsezani, chitani kantchito kanuko muli ndi mantha choncho. Mtima musautaye, pali anthu amene adzapulumukire pa khama lanu.