Tsiku limene ndinkati bambo asokera

Dzulo masana galimoto ya ozimitsa moto inadutsa ikulira pansi pa flati yathu ku Hor Al Anz, kuno kudziko la eni, utsi ukulowera pawindo. Mnzanga wa ku Zambia amene ndimakhala naye anati, "Yalla, fulumira, tseka windo!" Ine ndinangoima, fungolo litanditengera ku Ndirande.

Ndinali sitandade wani. Tikuweruka kusukulu, tinapeza nyumba ya atelala ena okalamba ikuyaka, malata akuthetheka, anthu onse akuthawira kumsewu. Bambo anga ndinkangowadziwa kuti amakwera galimoto yofiira n'kumapopera madzi. Koma tsikulo ndinawaona akuthamangira kukhomo lomwe aliyense ankalithawa.

"Ababa, mwasokera! Njira ndi kuno!" ndinakuwa mpaka mawu kusasa. Mayi wina wogulitsa mandasi anandigwira mkono kuti ndisawatsatire.

Patapita kanthawi bambo anatuluka akutsokomola, nkhope ili bii, atabereka atelala aja ngati khanda. Nthungululu zinadzaza msewu wonse. Ine ndinkauza aliyense kuti apeza njira chifukwa ndawaitana, ndipo bambo sananditsutsepo mpaka kumwalira kwawo.

Ndakula tsopano, ndipo ndikudziwa kuti pa chipwirikiti chonse chija, bambo ndi amene ankadziwa bwino kumene ankapita.