Makomo Awiri pa Mpanda wa Akalipentala

Akalipentala a pakona amadzuka ndi madandaulo. Pabwalo pawo pamadutsa kanjira kochokera kunyumba za kumtunda kukatulukira kumsika, kusukulu ndi kuchipatala, ndipo aliyense wodutsapo amalandira chake. Ana asukulu akuti amawapondera maluwa. Anamwino amayenda ngati akuthamangitsidwa. Atelala sapereka moni wokwanira. "Anthu ake ndi omwewa?" amatero mkuluyu, ali pabenchi yomwe anakhoma yekha n'kuiyang'anitsa kukanjirako.

Chaka chatha mwana wawo wamkulu, yemwe ngakhale kogula buledi amapita pa galimoto, anawamangira mpanda wa njerwa kuti bambo ake apume. Unali mpanda wautali, wopaka laimu, pamwamba pake mabotolo oswa. Anthu anayamba kuzungulira kumsewu waukulu, kopanda mthunzi, kolimbirana njira ndi maminibasi. Pabwalo panangoti zii. Maluwa anachita bwino, koma mwini wake anasiya kudya.

Patatha masabata awiri anatenga hamala yaikulu n'kuboola makomo awiri, lina kumtunda, lina kumunsi.

Mwana uja anafika thukuta lili kamukamu. "Bambo, mwatani? Apatu akuba azingolowa."

"Wakuba amaopa maso a anthu, saopa njerwa," anayankha akusasa fumbi m'malaya. "Iwe unandiika m'manda ndili moyo, n'kupakapo laimu. Ndikanagwa muno akanandiona ndani? Galimoto yakoyo?"

M'mawa mwake atelala anadutsa ndi moni wawo wosakwanira womwe uja. Akalipentala anawakalipira kuyambira khomo loyamba mpaka lachiwiri. Kenako analowa m'nyumba akuimba mluzu, kukatereka madzi a tiyi.